Bakuli la Malupanga Awiri

Maddington, Perth
15 Malichi 2025

Okondedwa achemwali a Connie,

Ndiye mzungu uja atatembenuza kapu ija n'kuiunika kunsi ndi katochi, anangoti kukamwa yasa ngati waona njoka m'nsapato. Apa ndi pamene kafoni kanu kaja kanazimira dzulo, ine n'kutsala ndikulankhula ndekha pamsewu ngati wamisala. Achemwali, foni imeneyo ndi yaikulu kuposa mwana wanu woyamba, ipumitseni. Ndaganiza zongolemba, mapepalawa ndijambula n'kukutumizirani, chifukwa alamu anu a Felesta achokera ku ntchito ya usiku, agona, ndipo makoma a nyumba za kuno ndi opyapyala moti nyerere ikatsokomola kukhitchini imamveka kuchipinda. Ndiyambira poyambirira, poti dzulo ndinayambira pakati.

Mukudziwa kuti ndimasamalira nkhalamba ina ku Morley, bambo Lothar, Mjeremani amene anabwera kuno ali mnyamata n'kukalambira m'mafakitale a ku Kwinana. Akazi awo anamwalira, ndipo mutu wawo wayamba kutaya zinthu: lero akukudziwa, mawa akufunsa ngati ndiwe wokonza mipope. Kampani yathu ili ndi osamalira okalamba mazanamazana, koma wowameta bambowa osawatema ndine ndekha mu Australia muno. M'chipinda chawo chochezera muli kabati yagalasi, yaitali kufuna kugunda denga, yodzaza ndi mbale zadothi za malemu akazi awo, zoyera, zamaluwa abuluu, m'mbali mwake muli golide. Ili ngati yanu ija ya ku Kawale imene mbale zake sizinaonepo ndiwo chikwatiwire chanu, kungoti izi zinabwera pa sitima yapamadzi.

Mwezi watha, tsiku lina mutu wawo uli bwino, anaphika supu wa mbatatesi ndi masoseji. Ine ndinangoyamikira fungo basi, mwaulemu. Iwo n'kutsegula kabati ija, kutulutsa bakuli lalikulu lachivundikiro, kukhuthuliramo supu yense, amvekere, "Kampatse mkazi wako, amagwira ntchito usiku." Lamulo la kampani ndi loti usalandire kanthu kwa okalamba, ngakhale switi. Ndikulidziwa, ndinalisainira. Koma achemwali, munthu wamkulu wakutambasulira manja awiri ndi chakudya chotentha, ukana ndi pakamwa pati? Amayi akanamva kuti ndakana, akanakwera basi kudzandimenya khofi kuno. Ndinalandira.

Supu tinamwa. Koma mbale ya eni sibwerera yopanda kanthu, inunso mukudziwa. Ndinaliika pamwamba pa firiji kudikira tsiku loti alamu anu akazinge zitumbuwa, tsikulo osafika, poti mwezi wonsewo anali a usiku. Kenaka mnzathu wina wa kutchalitchi anataya mayi ake kumudzi, tonse n'kusonkhana kunyumba kwake kukapepesa, mayi aliyense ndi mbale yake ya chakudya. Alamu anu anayang'ana pa firiji, n'kuona bakuli lokongola likungokhala. Analitembenuza, kulemba F kunsi ndi kyutekisi wofiira monga amachitira amayi pamaliro kuti mbale zisasokonekere, n'kuthiramo nkhuku. F yemweyo sanathandize. Otsuka mbale tsiku limenelo anali ambiri, ndipo chimene chinabwera kwathu ndi chimbale choyera cha m'shopu chimene mwini wake sitikumudziwa mpaka lero. Tinati tidzafunsa Lamlungu. Lamlungu linadutsa, lina n'kudutsanso.

Tsopano tafika pa mzungu uja. Lolemba lapitali ndikulowa kwa bambo Lothar, ndinapeza mwana wawo wamkazi, Leah, ali ndi bambo wina wamtali wa magalasi olendewera pachingwe, dzina lake Bennett. Ntchito yake ndi yoyang'ana zinthu zakale, kunena zaka zake ndi mtengo wake. Leah wapeza malo kunyumba yosungirako okalamba, malo abwino koma odula, ndiye kabati ndi mbale zake ziyenera kugulitsidwa kuti bambo ake akalowe.

Ine ndinaima pambali thaulo lili paphewa, ndipo pofika masana ntchito yonseyo ndinali nditaimeza. Bennettyo akadwala mawa adzaitana ine. Anayamba ndi kabati. Anasolola dilowa n'kuyang'ana molumikizira matabwa, akuti mano ake akakhala osafanana ndiye kuti anasemedwa ndi manja, makina asanabwere. Anayang'ana galasi chammbali n'kutionetsa kuti likuchita timafunde ngati madzi a m'beseni, akuti galasi lakale limatero. Anafika ponunkhiza matabwa a kumbuyo! Kenaka mbale. Maluwa akewo akuti ndi anyezi, ngakhale ine anyezi wotere sindinamuonepo pa Lizulu. Kunsi kwa kapu iliyonse kuli timalupanga tiwiri tabuluu topingasana, chizindikiro cha fakitale ya ku Meissen, ku Jeremani. Anapalapo ndi chikhadabo, amvekere, "Mukuona, chala sichikumva kanthu. Tili mkati, pansi pa chonyezimirachi. Achinyengo ambiri amajambula pamwamba." Akuti timalupangato tikakhala ndi timitu tozungulira kuzigwiriro, mbaleyo inapangidwa chisanafike chaka cha 1924. Tikaonekanso tina kutsogolo, patsinde pa kamtengo ka m'maluwamo, ndiye kuti si yakale kupitirira 1888. Za malemu zinali ndi zonse ziwiri. Achemwali, ndakhala ndikupukuta fumbi pafupi ndi mbale zazikulu kuposa agogo a agogo athu, ndikuimba mluzu!

Atatchula mtengo wa zonse pamodzi, Leah anakhala pansi. Ine ndinayesa kuwerengera m'makwacha, maziro n'kundithera m'mutu.

Ndiye Bennett anaima pa shelefu yapakati. Panali mbale yaikulu yafulati, pambali pake chipande chadothi, ndipo pakati pa mbalepo fumbi linali litasiya malo oyera ozungulira.

"Bakuli lake lili kuti?" anafunsa. "Mbale iyi ndi yokhazikapo bakuli, chipande chake ndi ichi. Limenelo ndiye mutu wa zonsezi. Popanda limenelo ogula akuluakulu sabwera."

Leah anatsegula foni n'kupeza chithunzi cha pa Khirisimasi: bakuli lili pamalo pake, kandimu kadothi kali pamwamba pa chivundikiro. Anafunsa bambo ake. Iwo anali kuyang'ana mbalame pawindo, amvekere, "Funsa amayi ako." Kenaka Leah anatembenukira kwa ine.

"Overstone, m'nyumba muno timalowa anthu awiri, iwe ndi ine. Waliona?"

Inu mumandidziwa, pakamwa panga sipanasowepo mawu chibadwire. Ndinalankhulapo pa ukwati mpaka mkwatibwi kugona. Koma apa zinavuta. Ndinakumbukira lamulo lija ndinasainira, ndinakumbukira kuti bakuli lili kunyumba ya munthu amene sindikumudziwa. Chimene chinatuluka ndi chakuti, "Sindikudziwa, madamu."

Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwinoko. Anangokiya kabati, kiyi m'chikwama, n'kunena motsitsa mawu kuti Bennett abweranso Lachisanu kudzamaliza, ndipo bakuli likapanda kuoneka pofika tsikulo apita kupolisi ndi kukampani.

Mwina simukuona kulemera kwake. Mapepala athu okhalira kuno mpaka kale ali m'manja mwa boma panopa, akuunikidwa. Alamu anu awavutikira zaka zonsezi, kunyamula odwala mpaka msana kupindika. Dzina langa likangolembedwa kupolisi kuti ndinabera nkhalamba yodwala, ntchito yosamalira anthu sindidzaionanso, ndipo mapepalawo akhoza kugwa, a banja lonse, ndi a Tasha yemwe, mwana wathu amene Chichewa chake chimathera pa zikomo. Zonsezi chifukwa cha supu.

Kunyumba ndinangonena kuti eni ake akulifuna msanga bakuli lawo, za polisi ndinameza. Alamu anu analemba pa gulu la amayi la pafoni kuti amene ali ndi bakuli la maluwa abuluu lolembedwa F anene. Mayankho anagwa ngati mvula, onse opanda ntchito. Wina akuti iye ali ndi chivundikiro cha poto wa mayi abusa. Wina akufunsa masipuni ake a chaka chatha. Wina anangolemba kuti Ameni. Ndinazungulira Perth yense, achemwali, mafuta amene ndinawotcha akanandifikitsa ku Mchinji. Ndimagogoda, kupatsidwa mpando, kupatsidwa tiyi, poti sungafunse za mbale usanafunse za ana ndi za kumudzi, kenaka n'kuonetsedwa mabakuli apulasitiki. Tiyi amene ndamwa sabata ino ndi wodzaza mgolo. Mayi wina wa Mvano anandiseka pakhomo pake, amvekere, "A Overstone, mbale mukuifuna ngati mwana wosowa bwanji? Kodi ndi yagolide?" Ndinaseka nawo.

Kuntchito nako kunali kovuta. Lachiwiri ndinapeza wotchi ya bambo Lothar palibe pa tebulo pamene imakhala, mphete ya malemu palibe, ngakhale kambale ka makobidi ka pakhomo kachotsedwa. Tanthauzo lake ndinalimva. Ndimawameta bambowo n'kumawafunsa monong'ona, "Bambo, supu uja mukumukumbukira?" Iwo amvekere, "Supu? Inde, ndikufuna."

Lachinayi masana foni inalira. Anali amake Mulenga, mayi wa ku Zambia amene amuna awo amagwira ntchito m'mafakitale a ku Kwinana. Pa gulu la amayi paja palibepo, anangomva kwa mnzawo. Galimoto ndinaiyendetsa ngati ambulansi kulowera ku Kwinanako, dzuwa likuswa mtengo.

Anandilandira pakhomo akuseka. "Ba Overstone, mwabwela! Mbale yanu ili mushe, osadandaula, nenze nayisunga pamwamba. Mafuta ya nkhuku yenze yakakamila maningi, manje nayikwesha bwino-bwino na waya. Onani mwamene yayelela!"

Analibweretsa atalikulunga m'chitenje. Ndinamasula. Losasweka, chivundikiro chilipo, kandimu kalipo, F wofiira ali kunsi pafupi ndi timalupanga. Koma linali loyera mbee. Golide yense wa m'mbali, amene anapirira nkhondo ziwiri ndi ulendo wapanyanja, anathera pa waya wokwechera mapoto wa amake Mulenga. Kunangotsala pang'ono kuseri kwa zigwiriro kumene zala zawo sizinafike.

Ndinathokoza. Ndikanatani? Mayi watsuka mbale ya mnzake ndi mtima wonse. Anandipatsanso chakumwa chozizira, ndinamwa, sindikudziwa kuti chinali chotsekemera kapena ayi.

Pobwerera, satana anakwera nane n'kukhala pampando wakutsogolo. Amvekere, nyanja ili apayi, kaliponye, palibe anakuona ukulitenga, nkhalamba siikumbuka, apolisi adzagwira chiyani? Nditakana, amvekere, ndiye mawa ulawire ukalibise pansi pa bedi lawo, Leah aziti bambo ake analiika okha. Imeneyo inali nzeru, ndivomere, ndipo ndinayenda nayo ulendo wautali ndithu. Koma golide adzati anadya ndi mphemvu? Ndinaganizanso za bambo aja, mwana wawo akuwayang'ana ngati owononga chuma cha amayi ake, iwo osatha ndi kudziyankhira komwe. Ndikulowa mu Maddington satana ndinamutsitsa.

Alamu anu anakondwa, n'kufufuta F uja ndi mankhwala ochotsera kyutekisi. Atalikweza m'mwamba anati, "Kodi silinali ndi golide m'mbalimu ili?" Ine ndinati ayi mayi, kunali kuwala kwa getsi chabe. Anandiyang'ana, koma nthawi ya ntchito inali itayandikira. Amvekere, "Mbale yakhalitsa chonchi singapite yopanda kanthu, tingachite manyazi." Anakanya nthochi ndi ufa atavala kale yunifolomu, kukazinga zitumbuwa, kudzaza bakuli mpaka pakamwa.

Dzulo m'mawa ndinavala malaya a kutchalitchi n'kulowera khomo lakutsogolo, bakuli lili m'manja awiri. Leah ndi Bennett anali patebulo, mbale zonse zitayalidwa pansalu, bambo Lothar ali pampando wawo. Ndinaliika pakati.

"Linali kwa ine, madamu. Bambo anandipatsiramo supu. Lolemba lija ndinanama chifukwa cha mantha."

Ndinafotokoza zonse, za mbale yosabwerera yopanda kanthu, za maliro, za waya. Chizungu changa, chimene masiku onse chimathamanga ngati minibasi yolimbirana anthu, tsiku limeneli chinkayenda ngati ngolo yokwera chitunda. Leah sanandiyang'ane. Anangoti, "Bambo Bennett, ndi lomwelo?"

Bennett anavundukula, fungo la zitumbuwa n'kudzaza nyumba. Anazikhuthulira m'mbale ya kukhitchini osaseka ngakhale pang'ono. Analitembenuza, katochi kuyatsa, kagalasi padiso. Analigogoda ndi chala, n'kulira ngati belu: lilibe mng'alu. Anationetsa kanambala kabuluu pafupi ndi timalupanga, ka munthu amene anajambula maluwawo, kofanana ndi ka pa mbale yafulati ija. "Ndi lomwelo, palibe chokayikitsa." Kenaka anayendetsa chala m'mbali mwake pang'onopang'ono, n'kutsinzina ngati munthu womva dzino. Akuti golide watsopano akhoza kupakidwa, koma aliyense wodziwa adzazindikira, ndipo mtengo wa bakulilo wagwa kupitirira theka n'kukokera pansi zinzake zonse.

"Ndiye chipinda chija choyang'ana kumaluwa, kunyumba ya okalamba kuja, mwina sichitheka," anatero Leah, ngati akuuza tebulo. Anapita kukagwada pafupi ndi bambo ake, kuwagwira dzanja. "Papa, tayang'anani kuno. Ili ndi bakuli la amayi. Munamupatsa ndinu Overstone?"

Achemwali, mtima wanga unkamveka mpaka padepoti ya mabasi. Pakati pa ine ndi ndege yobwerera kumudzi panangotsala mawu a nkhalamba imeneyi basi.

Bambo Lothar anatenga chitumbuwa, kuluma, kutafuna mosafulumira. Kenaka anadzuka, kumenya tebulo mpaka makapu kuvina, amvekere, "Ndinamupatsa ndine! Ameneyu ndi mnzanga, wometa bwino kuposa onse!" Leah misozi chuchuchu, kundigwira chanza, Bennett naye kumeza zitumbuwa ngati wachokera kumunda n'kupempha kaphikidwe kake. Nkhani n'kuthera pomwepo. Mlongo wanu ndi ameneyo, ngakhale mutamuponya m'chitsime amatuluka ali wouma.

Tsopano timapempho. Amayi musawauze nkhani imeneyi, kuthamanga kwa magazi kwawo mukukudziwa. Chachiwiri, Lolemba m'mawa mupite kuhotela kuja ndinkaperekera zakudya, mukawapeze a manijala ngati akadalipo, andilembere kakalata kachizungu konena kuti zaka zonse zija sipuni ngakhale imodzi sinasowepo m'manja mwanga. Abusa nawonso alembe kawo, adinde chidindo cha mpingo. Mujambule ndi foni ya aneba kuti zilembo zioneke, zindipeze Lachiwiri dzuwa lisanalowe. Si za chilichonse ayi, kungoti Azungu amakonda mapepala. Chachitatu, mbale za m'kabati mwanu zija muzitembenuze. Mukapeza timalupanga mundiimbire, tigawana. Mukapeza palembedwa China, yambani kudyeramo, zakwana.

Moni kwa alamu a Edmund, muwauze kuti jekete yawo ndikuikumbukira, kungoti Azungu a mimba ngati yawo ndi osowa. Moni kwa Tayamika ndi Sekani, alimbikire sukulu asadzakhale ngati malume awo amene anathera pa Fomu 2 ndi pakamwa pokha. Tasha akupereka moni m'Chizungu chake cha m'mphuno. Amayi muwagwire dzanja m'malo mwanga, muwauze kuti mwana wawo wanenepa, akudya bwino, mabwana akumukonda.

Ndimati nditsekere apa, koma cholembera chikukana. Inu sindinakunamizenipo n'kupambana chiyambire tili ana, ndiye pomenya tebulo paja ndikudziwa kuti mwagwedeza kale mutu. Bambo Lothar sanadzuke. Anatafuna chitumbuwa chija, anati n'chokoma, kenaka anandiyang'ana nthawi yaitali, mwaulemu, n'kufunsa Leah kuti, "Bambo awa ndi ndani?" Palibe anandigwira chanza. Leah anandipempha kiyi wa pakhomo pawo, ndinapereka. Za polisi akuti aganiza kaye. Kukampani andiimitsa, akundifuna Lachitatu m'mawa. Alamu anu ndinawauza zomenya tebulo zomwezo, anaseka mpaka misozi, anapita kuntchito akuimba, ndipo pano agona mtima uli m'malo. Akadzuka ndiwauza zoona. Ndayambira kwa inu kuti ndione ngati mawu ake angatuluke.

Mutipempherere, achemwali, motchula maina, tonse atatu.

Ine mlongo wanu,
Overstone